Mafunso a Owerenga: Mfuti Zikaleka Kulira, Ndalama Zomangira Dziko Zimayenda Bwanji?

Makalata ambiri amene afika ku ofesi yathu kuno ku Blantyre mwezi uno akukhudza thandizo la ndalama limene maiko olemera ndi mabungwe akuluakulu amapereka kumadera amene angotuluka m'nkhondo. Ngakhale kuti dziko la Malawi silinamenyepo nkhondo yapachiweniweni, mabanja ambiri a m'chigawo cha kummwera ali ndi abale kutsidya kwa malire, ndipo amadziwa bwino mmene nkhondo imasiyira mudzi. Tasankha makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Kwathu ndi ku Nsanje koma pano ndikukhala ku Chilomoni. M'zaka za m'ma 1980 ndinaona abale athu a ku Mozambique akuoloka malire atasenza timitolo, ndipo ena mwa ana awo ndinawaphunzitsa. Nkhondo itatha anabwerera kwawo mofulumira moti misasa inasanduka mabwinja. Kodi ndalama zowabwezera kwawo ndi zomangira midzi yawo zinachokera kuti, nanga ife amene tinawalandira tinakumbukiridwa? Bambo wa ku Chilomoni.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene munaonazo ndi imodzi mwa ntchito zazikulu zimene dziko lino linagwirapo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana a masiku ano sazimva kawirikawiri. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inayamba mu 1977, koma anthu anayamba kukhamukira kuno mwaunyinji mu 1986, kumenyana kutakula m'zigawo za Tete ndi Zambezia. Pofika mu 1992 dziko lino linali kusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pomwe kalembera wa mu 1987 anapeza kuti eni dziko tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Kwanu ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka, ndipo misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu inali ngati matauni, pomwe ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anangopatsidwa malo m'midzi, popeza malire a kumeneko amadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi ndi chiyankhulo chimodzi.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi pulezidenti wa Mozambique wa nthawiyo Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama, mbali ziwirizi zitakambirana zaka ziwiri mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Mu Disembala chaka chomwecho bungwe la United Nations linakhazikitsa ntchito yake yosungitsa mtendere yotchedwa ONUMOZ, motsogozedwa ndi Aldo Ajello wa ku Italy, ndipo mwezi womwewo maiko othandiza anakumana ku Rome kudzalonjeza ndalama. Mkati mwa ONUMOZ munali ofesi imodzi, ya UNOHAC, imene ntchito yake inali kulunzanitsa thandizo lonse lopita kwa anthu ovutika. Chimene ine ndimachiona kuti chinathandiza kwambiri n'chakuti ndalamazo zinamangirizidwa ku pangano limodzi lokhala ndi ndondomeko yodziwika, kuyambira pa kusiya kumenyana, kusonkhanitsa asilikali m'misasa, kuwalanda zida, kubwezera anthu kwawo, mpaka pa chisankho chimene chinachitika mu Okutobala 1994. Akazembe a maiko monga Italy, Portugal, France, Britain, America ndi Germany ankakhala nawo m'komiti yoyang'anira panganolo, kotero kuti amene anagwira thumba ankadzionera okha pamene zinthu zatsamwa, ndipo mbali ina ikayamba kuzengereza ankaifunsa onse pamodzi.

Pofika pakati pa 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anali atabwerera kuchokera m'maiko 6, ndipo ochuluka anachokera kuno. Mukukumbukira bwino kuti ambiri sanadikire malole a UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo. Bambo ankatsogola wapansi kukaona ngati munda ulipo ndi kukazika kanyumba, mayi ndi ana n'kutsala kumsasa kuti khadi lolandirira chakudya lisafe, kenako banja lonse linkatsatira zinthu zikaoneka kuti zili bwino. Mabungwe anachita mwanzeru polondola anthuwo kumene iwo eni anasankha kupita. WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, inkapereka chakudya mpaka zokolola zoyamba, mabanja ankalandira mbewu ndi makasu, ndipo UNHCR inalipira ntchito zing'onozing'ono zotha msanga, monga mijigo, zipatala zazing'ono, midadada ya sukulu ndi timilatho, m'maboma ngati Angónia, Mutarara ndi Milange. Cholakwika chinalipo: nyumba zina za sukulu ndi zipatala zinamangidwa boma lisanakhale ndi ndalama zolipira mphunzitsi kapena namwino woti akakhalemo. Mabomba okwirira pansi nawo anatenga nthawi yaitali, moti dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuwachotsa mu Seputembala 2015, patapita zaka pafupifupi 23 chisainireni pangano.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho langa ndi lakuti tinakumbukiridwa pang'ono kwambiri poyerekeza ndi zimene tinataya. Mijigo, sukulu ndi zipatala zina za m'misasa zinasiyidwa m'manja mwa boma, ndipo kunali ntchito zina zobzala mitengo, koma nkhalango zimene zinatha ndi nkhuni ndi milimo, misewu imene inakumbika ndi malole a chimanga, ndi minda imene mafumu anapereka, sizinawerengedwe ngati zoonongeka ndi nkhondo. Onjezanipo njanji. Ya ku Beira inaduka, mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unaonongedwa mu 1986, ya ku Nacala inkayenda movutikira asilikali athu akuilondera kuyambira mu 1987, ndipo katundu wathu wambiri ankazungulira mpaka ku Durban pa mtengo umene wogula aliyense wa ku Limbe anaumva m'thumba. Nthawi imeneyo opereka thandizo ankaona dziko lolandira alendo ngati malo ongodikirirapo. Maganizowo asintha mochedwa: mu 2017 World Bank inatsegula thumba la madola 2 biliyoni lothandiza othawa kwawo pamodzi ndi madera owalandira, ndipo mu 2018 maiko anavomereza pangano la padziko lonse lonena zomwezo. Anthu a ku Dowa oyandikana ndi Dzaleka, ndi a ku Nsanje amene analandiranso alendo kumapeto kwa 2024 chifukwa cha ziwawa za chisankho ku Mozambique, ali ndi ufulu wofunsa aphungu awo ngati boma likupempha gawo lawo la ndalama zotere.

FUNSO: Mng'ono wanga anakwatiwa ku Mozambique ndipo anathawa ku Mocímboa da Praia zigawenga zitalowa. Anakhala kumsasa, tsopano wabwerera, koma akuti nyumba ikadali chigumukire ndipo chakudya chimabwera mwa apo ndi apo. Ife pa wailesi timamva za mamiliyoni a madola. Ndalamazo zimathera kuti? Mayi wa geni, msika wa Limbe.

YANKHO: Mayi, pepani ndi zimene mng'ono wanu akudutsamo. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, inayambira m'tauni yomweyo mu Okutobala 2017, ndipo itafika povuta anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atathawa m'makwawo. Asilikali a Rwanda ndi a SADC anafika mu Julaye 2021 n'kulanditsa matauni ena, a SADC anachoka mu 2024, koma kumenyana sikunatheretu, ndipo ichi chokha chimachititsa makontalakita ndi mabungwe kuzengereza kutumiza anthu awo ndi simenti yawo kumadera ena.

Komabe vuto lalikulu lili pa mtunda umene ulipo pakati pa lonjezo ndi ndalama yeniyeni. Nduna ikaimirira pamsonkhano n'kutchula chiwerengero, imakhala yangolonjeza. Pamafunika kuti nyumba ya malamulo ya kwawo ivomereze, kenako pasainidwe mgwirizano ndi boma kapena bungwe lolandira, kenako ndalama zituluke m'zigawozigawo malinga ndi malipoti, ndipo pa sitepe iliyonse chiwerengero chija chikhoza kuchepa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mu Okutobala 2014 maiko anakumana ku Cairo n'kulonjeza madola 5.4 biliyoni nkhondo ya ku Gaza ya chaka chimenecho itatha, koma gawo lopita ku Gaza kwenikweniko linali pafupifupi 3.5 biliyoni, ndipo patapita zaka zitatu World Bank inapeza kuti zimene zinatuluka zinangopitirira theka pang'ono. Pafupi ndi kwathu kuno, namondwe wa Idai atasakaza mu 2019, msonkhano wa ku Beira unalonjeza madola 1.2 biliyoni pomwe zofunika zinali 3.2 biliyoni. Dziwaninso kuti m'ziwerengero zolengezedwazo mumalowa ngongole zoti dziko lidzabweze, ndalama zakale zimene zangotchulidwanso kachiwiri, ndi malipiro a akatswiri ochokera kudziko lopereka lomwelo.

China chimene mng'ono wanu wakumana nacho ndi chakuti ndalama za thandizo zili m'matumba awiri amene sagwirizana msanga. Thumba ladzidzidzi ndi lopulumutsa moyo. Bungwe la United Nations lili ndi thumba lotere lotchedwa CERF, limene linayamba kugwira ntchito mu 2006 ndipo limatha kutulutsa ndalama m'masiku ochepa, koma ndalama zake ndi za chakudya, madzi, mankhwala ndi malona, ndipo ziyenera kugwiritsidwa ntchito m'miyezi yowerengeka. Sizimanga nyumba ya njerwa. Thumba lachitukuko, la mabanki akuluakulu ndi maboma, ndi limene limamanga misewu, zipatala ndi misika, koma limayamba ndi kafukufuku, mapulani ndi kuitanitsa makontalakita, ndipo chaka chimatha khasu lisanagunde pansi. Munthu wobwerera kwawo amagwera pakati: kumsasa amuchotsa m'kaundula chifukwa wachoka, kumudzi chitukuko sichinafike. Boma la Mozambique linakonza ndondomeko yomanganso Cabo Delgado ya zaka za 2021 mpaka 2024, ya madola pafupifupi 300 miliyoni, ndipo World Bank inavomereza madola 100 miliyoni mu Epulo 2021 othandizira kumpotoko, koma m'nthawi yomweyo WFP inakakamizika kudula chakudya ndi theka mu 2022 chifukwa thumba ladzidzidzi linaperewera. Mu 2023 ndalama zimene United Nations inapempha padziko lonse zothandizira ovutika sizinafike theka, ndipo kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kwachepetsanso zimene zinalipo.

Muwauze mng'ono wanuyo kuti aonetsetse kuti dzina lawo lili m'kaundula wa kumene ali tsopano, ndiponso kuti ngati ziphaso zawo zinapsa kapena kutayika apezenso zina, chifukwa popanda chiphaso thandizo la ndalama za pafoni limawadutsa. Thandizo ndi laulere. Wina akawauza kuti alipire, kapena akawapempha zosayenera kuti awalembe, akhoza kuimba pa nambala yaulere ya 1458, yotchedwa Linha Verde, imene mabungwe othandiza anakhazikitsa ku Mozambique kuti anthu azikadandaulako.

FUNSO: Namondwe wa Freddy atagwa ndinadzipereka kuthandiza pa msasa wina kuno ku Blantyre. Tinalandira zidebe kuchokera ku mabungwe atatu sabata imodzi, pomwe msasa woyandikana nawo unalibe ngakhale ufa. Ngati zili choncho pa mtendere, nanga kumene kunali nkhondo? Kodi alipo amene amalamulira opereka thandizo? Wophunzira wa ku MUBAS.

YANKHO: Achimwene, yankho losabisa ndi lakuti palibe. Dziko lililonse lopereka limayankha kwa okhometsa misonkho ndi aphungu akwawo, lili ndi chaka chake cha zachuma, mafomu ake ndi zofuna zake zandale, ndipo limafuna kuti mbendera yake ioneke pa chikwangwani. Zimene zilipo ndi njira zowanyengerera kuti ayendere limodzi. Kuyambira mu 2005 mabungwe amagawana ntchito m'magulu, lina la chakudya, lina la madzi ndi ukhondo, lina la malo ogona, lina la zaumoyo, ndipo kuno kwathu nthambi ya boma ya DoDMA ndi imene imayenera kutsogolera magulu amenewa. Bungwe limene lasankha kusabwera ku msonkhano n'kupita lokha kumsasa wapafupi ndi msewu wa tala silingamangidwe, ndipo zidebe zitatu zija zimachokera pamenepo. Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 650,000, ndipo kafukufuku wa boma ndi abwenzi ake anapeza kuti kumanganso kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni, choncho kumwazika kulikonse kumapweteka munthu wina.

Anthu amakonda kutchula Marshall Plan, imene America inapereka madola pafupifupi 13 biliyoni ku maiko a kumadzulo kwa Ulaya pakati pa 1948 ndi 1952, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Chimene amaiwala n'chakuti wopereka anali mmodzi, ndipo anauza maiko 16 olandirawo kuti akhale pansi okha alembe zosowa zawo ndi kagawidwe kake. Maikowo analinso ndi maboma, mabanki ndi amisiri. Chimene chinasowa ndi malasha, chakudya, makina ndi ndalama zakunja. Dziko ngati South Sudan, limene nthawiyo linali chigawo cha Sudan, linalibe maboma, mabanki ndi amisiri okwanira. Pangano la mtendere la mu Januwale 2005 litasainidwa, maiko analonjeza ku Oslo madola 4.5 biliyoni othandizira Sudan yense, ndipo anaika zina za kummwera m'thumba limodzi loyang'aniridwa ndi World Bank, koma thumbalo linachedwa kwambiri kutulutsa ndalama chifukwa malamulo ake ankafuna maofesi ndi akatswiri owerengera chuma amene boma latsopanolo linalibe.

Mu 2005 momwemo maiko anagwirizana ku Paris kuti dziko lolandira ndilo liziika ndondomeko, opereka azitsata ndondomekoyo ndi kugwiritsa ntchito njira za boma, ndipo mbali zonse ziziyankha pa zotsatira. Dziko la Mozambique linali chitsanzo chotamandika, moti panafika nthawi imene opereka 19 ankathira ndalama mwachindunji mu bajeti ya boma. Pofika mu Epulo 2016 zinali zitaululika kuti boma linaikira kumbuyo mwachinsinsi ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni za makampani a Ematum, ProIndicus ndi MAM popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. IMF ndi opereka onse anaimitsa thandizo la bajeti, ndalama ya metical inagwa, ndipo amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa ku khoti la ku New York mu 2024. Ife sitingaloze chala, chifukwa Cashgate ya mu 2013 inatichitira zomwezo pa nthawi imene pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yathu inkachokera kwa abwenzi akunja.

Akakhumudwa chotero, opereka amalambalala boma n'kumadutsira m'mabungwe, ndipo zimenezi zili ndi mtengo wake umene suoneka msanga. Namwino waluso, injiniya ndi wowerengera chuma amasiya ntchito ya boma kukalandira malipiro okwera ku projekiti ya zaka zitatu, ndipo projekiti ikatha chipatala chimatsala chopanda mwini. Ku Afghanistan thandizo lakunja linkalipira pafupifupi 75 peresenti ya zimene boma linkagwiritsa ntchito, ndipo litaima mu Ogasiti 2021 aphunzitsi ndi azaumoyo anakhala miyezi osalandira kanthu. Kumene kunali nkhondo pali vuto linanso limene pa namondwe palibe, loti boma lenilenilo linali mbali imodzi ya omenyanawo. Ndalama zonse zikadutsa m'manja mwake, madera amene ankachirikiza mbali inayo amaopa kumanidwa, ndipo akamanidwadi mbewu ya nkhondo ina imakhala yafesedwa. N'chifukwa chake ku Mozambique kunali kofunika kuti chakudya ndi katemera zifike m'madera amene anali m'manja mwa Renamo chisankho chisanachitike.

Maganizo anga ndi akuti opereka amatha kugwirizana akafuna. Mu Meyi 1992 anakumana ku Paris n'kuimitsa pamodzi thandizo lachitukuko ku Malawi chifukwa cha kuphwanya ufulu wa anthu, koma anapitiriza la chilala ndi la othawa nkhondo, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu. Ngati anatha kuyankhula mawu amodzi pa ndale, akhozanso kutero pa mijigo. Chofunika ndi ndondomeko imodzi yolembedwa ndi eni dziko, ndi kaundula mmodzi wapoyera wosonyeza amene analonjeza, zimene watulutsa, boma limene zapita ndi amene wapatsidwa kontalakiti, wopachikidwa pa ofesi ya DC ndi kuwerengedwa pa wailesi m'chiyankhulo cha anthu. Mu 2016 ku Istanbul opereka analonjeza kuti 25 peresenti ya thandizo ladzidzidzi izipita ku mabungwe a m'dziko momwemo pofika 2020, ndipo lonjezolo silinakwaniritsidwe. Inu amene mukuphunzira zowerengera chuma ndi zomangamanga ndinu amene mudzachotse chowiringula chakuti eni dziko sangasunge mabuku.

FUNSO: Ife amayi a Mvano tasonkhanitsa zovala ndi ndalama pang'ono kuti tithandize abale othawa nkhondo ku Mozambique. Titumize ziti? Mayi wa ku Ndirande.

YANKHO: Mayi, Mulungu akudalitseni pa mtima umenewu. Tumizani ndalama, ndipo zovalazo mupatse ovutika a pafupi nanu. Mtengo wa thiransipoti, msonkho wa pachipata ndi kosungira umaposa mtengo wa zovalazo, pomwe kaunjika amapezeka m'misika ya kumeneko, ndipo ndalama ikagula kwa wamalonda wa komweko imadzutsanso msika umene nkhondo inapha. Dutsirani ku likulu la mpingo wanu kuti lilumikizane ndi mpingo umene uli m'deralo, gwirizanani chinthu chimodzi chodziwika, monga mbewu ndi makasu mvula isanagwe, ndipo pemphani malisiti ndi mndandanda wa mabanja olandira. Muwapemphenso abusa a kumeneko kuti adziwitse akuluakulu a boma oyang'anira thandizo m'deralo, kuti mphatso yanu isakagwere pa mudzi umene walandira kale.

FUNSO: Ndinabadwira ku Milange ndipo ndinabwera kuno ndili mwana bambo anga ataphedwa pamaso pa mayi. Ndinakulira ku Mulanje, pano ndine kalipentala ku Bangwe. Ndimamva kuti amene ankanyamula mfuti analandira ndalama za azungu nkhondo itatha, koma mayi anga sanalandire ngakhale khobidi mpaka anamwalira. Kodi chimenechi ndi chilungamo? Bambo wa ku Bangwe.

YANKHO: Bambo, si chilungamo, ndipo sindikufuna kukupatsani mawu okometsera. Zimene munamvazo n'zoona. Asilikali pafupifupi 92,000 a mbali zonse ziwiri anatula zida pofika kumapeto kwa 1994. Boma linawalipira malipiro a miyezi 6, ndipo maiko othandiza anaonjezera miyezi 18 kudzera ku UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, aliyense akumakatenga ndalama zake ku banki ya m'boma limene anasankha kukakhala. Analandiranso thiransipoti, mbewu ndi zida zolimira. Kuonjezera apo panakhazikitsidwa thumba la madola pafupifupi 17 miliyoni, lochuluka lochokera ku Italy, loti Renamo isanduke chipani chandale. Nyumba ya malamulo inakhululukira milandu yonse ya nkhondo mu Okutobala 1992, ndipo sipanakhale khoti kapena komiti yomva maumboni a anthu ngati mayi anu.

Amene anakonza zimenezi anali ndi chifukwa chimene ndiyenera kuchinena mwachilungamo. Ku Angola chisankho chinachitika mu Seputembala 1992 asilikali asanatule zida, Jonas Savimbi, mtsogoleri wa gulu loukira boma la UNITA, anakana zotsatira, ndipo nkhondo inabuka moopsa kuposa kale. Ataona zimenezo, a United Nations ndi akazembe anatsimikiza kuti ku Mozambique mfuti zichoke kaye. Mnyamata amene analowa m'tchire ali ndi zaka 14, ena mochita kugwidwa, amene sadziwa ntchito ina koma mfuti, akangouzidwa kuti azipita chimanjamanja amakakhala pamsewu n'kumalanda. Malipiro a zaka ziwiri aja anamwaza asilikaliwo m'midzi yawo ndi kuwapatsa nthawi yokwatira, kulima ndi kuzolowera moyo wamba, moti gulu lankhondo latsopano limene linayenera kukhala ndi anthu 30,000 linangopeza pafupifupi 12,000, ambiri atasankha kupita kwawo. Pa mbali imeneyi ndalamazo zinagwira ntchito, ndipo ine sindinganene kuti zisakanaperekedwa.

Chimene ndimatsutsa n'chakuti nkhani inathera pamenepo. Opereka amayesa kuopsa kwa munthu posankha womuthandiza msanga, ndipo mayi wamasiye saopseza aliyense. Ngakhale pa asilikali omwewo ntchito inatsala theka, chifukwa dandaulo la penshoni la omenyera Renamo ndi limodzi mwa zimene zinabwezera mfuti m'tchire mu 2013, ndipo mu 2016 tinalandiranso othawa ku Kapise m'boma la Mwanza, amene pambuyo pake anasamutsidwira ku Luwani. Panafunika pangano lina, limene pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi ndi mtsogoleri wa Renamo Ossufo Momade anasaina pa 6 Ogasiti 2019, ndipo msasa womaliza wa Renamo unatsekedwa mu Juni 2023 boma litavomera zolipira penshoni kwa omenya nkhondo oposa 5,000.

Maiko ena ayesapo kukumbukira olakwiridwa. Ku Sierra Leone, kumene nkhondo inatha mu 2002, komiti yofufuza zoona inalangiza kuti odulidwa manja, amayi ogwiriridwa, amasiye ndi ana alandire chipukuta misozi, koma ntchitoyo inayamba patapita zaka 6 chithereni nkhondo, ndi madola 3 miliyoni ochokera ku thumba la United Nations lomangira mtendere, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene inapita kwa otula zida ndi ku khoti lapadera. Kuno kwathu malamulo a dziko a mu 1994 anakhazikitsa bwalo lopereka chipukuta misozi kwa ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo linatsekedwa patatha zaka 10 anthu ambiri asanalandire zonse. Choncho pamene maiko akhala pansi kugawa ndalama zomangira dera lililonse lotuluka m'nkhondo, kaya ndi Cabo Delgado, kum'mawa kwa DRC kapena Sudan, gawo la amasiye, olumala ndi ana liyenera kulembedwa tsiku lomwelo limene akulemba la asilikali, ndi chiwerengero chake ndi ofesi yoliyang'anira, ndipo maina awo alembedwe mboni zikadali moyo. Kwa inu, lamulo lopereka chipukuta misozi kwa anthu wamba a nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ija silinakhazikitsidwe, koma malo a makolo anu ku Milange ndi nkhani ina. Lamulo la malo la Mozambique la mu 1997 limavomereza ufulu wogwiritsa ntchito malo wochokera ku mwambo ndiponso umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, choncho ngati alipo akuluakulu amene ankawadziwa bambo anu, pitani mukaonane nawo pamodzi ndi mfumu ya deralo, mutatenga chikalata chilichonse chosonyeza kumene munabadwira.